Dzanja la pa Phewa la Glenda

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga mpaka lero, inu uko ndi ine kuno, ndipo ndikuthokozanso inu pondipatsa khutu. Dzina langa ndine Doreen Ouellette. Ndimaimba limba kutchalitchi chathu ku Bucksport, kuno ku America, ndipo nkhani yanga ndi ya dzanja la munthu amene sindinamuonepo.

Ine sindinakwatiwepo. Sikuti ndinalumbira ayi, koma mayi anga anafa ziwalo ndidakali mtsikana wolimba, ndipo zaka zinangodutsa ndikuwatembenuza pabedi, kuwasambitsa ndi kuwakankha panjinga yawo ya olumala. Atamwalira, nyumba inandikulira. Amayi a m'kwaya atamva kuti ndayamba kucheza ndi ketulo, anandiumiriza kulembetsa ulendo wa pa chombo cha matanga chimene chimanyamuka ku Rockland mwezi wa Ogasiti. Unali ulendo wa anthu opanda banja okhaokha: osakwatira, osakwatiwa, osudzulidwa ndi amasiye.

Mwini chombo anatitsegulira gulu pa intaneti kuti tidziwane tisanakumane. Aliyense ankaika chithunzi chake ndi kulemba mawu pang'ono onena za iye. Tinkafunikanso kusankhana awiriawiri, chifukwa tizipinda ta m'chombo n'tating'ono ndipo mabedi ake ndi osanjikiza. Lamulo linali limodzi lokha, lolembedwa pamwamba penipeni: wa pabanja asabwere.

Woyamba kulemba anali Lyle Kowalczyk wa ku Buffalo. "Ine ndine Lyle," anatero. "Ndakalamba ndikuyendetsa basi ya ana a sukulu, ndiye namondwe sandiopsa. Ndimaliza mkonono. Amene adzagone pafupi nane ayambiretu kusala kudya ndi kupemphera."

Panalinso Rochelle Banning wa ku Hartford, amene ankagwira ntchito kwa dokotala wa mano. Iye sankazungulira polankhula. Tsiku loyamba lomwelo anatiuza kuti mwamuna wake wakale anakhala zaka zambiri akulowa m'magulu ngati lathuli, akudzitcha wosakwatira, mphete ataisiya m'galimoto. "Ndikunena izi kuti mudziwe," analemba motero, "ine ndimayang'ana bwinobwino."

Glenda Haskell wa ku Dayton analowa mochedwa. Sanalembe zambiri. Anangofunsa ngati alipo mayi amene amadzuka m'mamawa ndipo sanyansidwa ndi munthu woimba nyimbo chapansipansi posamba. Ndinayankha kuti ine ndi ameneyo, bola asamakweze mawu pamene nyimbo ikutsika. Tinagwirizana kuti iye adzagona bedi lapansi chifukwa cha bondo lake, ine lapamwamba. Tinapatsana manambala a foni, ndipo masabata otsatira tinkalemberana za masokosi aubweya, za mankhwala a chizungulire, ndi za nyimbo zimene amaimba kwawo pa mgonero. Ndinayamba kumutchula m'pemphero langa la m'mawa, munthu amene ndinali ndisanamvepo mawu ake.

Chithunzi anachedwa nacho, mpaka mwini chombo anachita kumukumbutsa. Atachiika, ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Anali ataima m'munda wa maapozi, atavala juzi yobiriwira, akuseka mpaka maso kutsinzina. Paphewa lake lamanzere panali dzanja la mwamuna, la zala zonenepa, ndipo pachala panali mphete. Mwini dzanjalo anali atadulidwa pachithunzipo. Panangotsala dzanjalo ndi kachidutswa ka malaya.

Lyle ndiye analephera kudzigwira.

"A Glenda, takulandirani. Funso limodzi basi. Dzanja lili paphewa panulo nalonso likubwera? Ngati likubwera ndiye bwino, lidzatithandiza kukoka zingwe."

Anthu anatumiza tinkhope toseka ta pafoni tija. Kenaka Rochelle analemba kuti, "Ine sindikuseka. Dzanjalo lili ndi mphete."

"Aa, a Rochelle, ine ndimangocheza," anatero Lyle.

"Inu chezani, bambo, ndiyo ntchito yanu. Ine ndikufunsa. Mayi Haskell, mwini dzanjalo akudziwa kuti mukupita kunyanja?"

M'mawa mwake, nditatsegula foni, ndinapeza kamzere kakang'ono konena kuti Glenda Haskell watuluka m'gulu.

Ndinamuimbira masana, foni yoonana nkhope. Anayankha ali kukhitchini, akusenda mbatatesi. Nkhope yake inali yomweyo ya pachithunzi, koma ngati nyumba imene nyale zake zazima.

"Ndimadziwa kuti muimba," anatero. "Mawu anu ndi aang'ono kusiyana ndi mmene ndimaganizira."

"Anu ndi aakulu. Ndiye mumaimba mawu apansi, eti?"

Anamwetulira pang'ono n'kuika mpeni patebulo. "Dzina lake anali Harlan. Anamwalira chaka chatha, nthawi ya chisanu. Ankakonza mbaula za m'nyumba za anthu. A Doreen, munthu uja sankayankhula. Chakudya chikakoma, ankati 'mm'. Chikapserera, ankatinso 'mm'. Mawu ake onse anali m'dzanja limenelija. Kutchalitchi, pa nyimbo yomaliza, dzanja paphewa. Pamaliro a bambo anga, dzanja paphewa. Ndafufuza zithunzi za m'nyumba muno zonse. Palibe n'chimodzi chomwe chimene ndikuseka popanda dzanjalo."

"Simunayese kujambula china?"

"Ndinayesa. Pakhonde, m'galimoto, pano pakhitchini. Amene ankatuluka anali mayi wina wake amene wangolandira uthenga woipa. Mwana wanga ndiye anati, amayi, tingodula chakalechi. Anadula mpaka pamene mwaonapo. Akangopitirira pang'ono, khutu langa ndi tsaya zimapita nawo limodzi."

"Nanga bwanji osangowauza kuti ndinu wamasiye? Nkhani ikanathera pomwepo."

"Ndinayamba kulemba. Ndinalemba kuti 'mwamuna wanga', ndiye zala zinakana. Funso la mayi uja silinali loipa, a Doreen. Anafunsa ngati mwini dzanja akudziwa. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa, kodi akudziwadi? Akanalola? Ine m'mawa uliwonse ndimatulutsabe makapu awiri. Mphete yanga nayi, ndinangoisamutsira pakhosi. Mwina mayi uja waona zoona. Ine ndine wa pabanja, ndipo lamulo lawo likuti wa pabanja asabwere."

Malembo ndimawadziwa, ndipo ndikudziwa pamene amanena kuti imfa imamasula mkazi ku lamulo la ukwati. Mawuwo anafika mpaka pamilomo panga. Koma pambali pa bedi la mayi ndinaphunzira kuti vesi loona limatha kugwa ngati mwala likaponyedwa pa nthawi yolakwika. Alendo ambiri anatiponyera mavesi otero, n'kuvala zipewa zawo n'kumapita. Ndiye ndinangoti, "Bedi lapansi ndi lanu."

"Loweruka ndilembera mwini chombo kuti malo anga apatse wina," anatero. "Ndipo chonde musakawauze za Harlan. Sindikufuna kuti anthu azindilankhula ndi mawu a pamaliro. Ndawamva okwanira."

Ndinalonjeza.

Lachinayi ndinapita kutchalitchi kukakonzekera nyimbo za Lamulungu. Zala zinkaphonya. Ndinasiya, n'kupemphera, koma pemphero langa linali lodzaza ndi Rochelle, ndipo silinali pemphero lokoma. Ndinatulutsa foni n'kutsegula gulu lija, ndikufuna kuyang'ana nkhope ya mayi amene wandilanda mnzanga. Potsika kuti ndimupeze, ndinadutsa pa chithunzi changa, ndipo ndinaima.

Chinajambulidwa pa chakudya cha mpingo, panja pa udzu. Ndinali nditavala diresi langa lamaluwa, ndikumwetulira. Mikono yanga inkatsika kutsogolo n'kuthera m'mphepete mwa chithunzi, manja osaoneka. Pansi penipeni panali kanthu koyera ngati thonje. Linali tsitsi la mayi. Manja anga anali pa zogwirira za njinga yawo, ndipo ndinawadula ndekha tsiku limene ndinalembetsa ulendo, osaganizapo n'komwe. Ndinkangofuna kuoneka ngati munthu amene ali yekha.

Ndinayamba kukulitsa zithunzi za anzanga chimodzichimodzi. Lyle anali wopendekeka ngati mtengo wa m'mphepete mwa nyanja, atatsamira mbali imene kunalibe munthu, koma kunali kansalu kachikasu. Bambo wina anali atagwira chingwe cha galu, galu wake palibe. Mayi wina anali ndi nkhope yowala ndi makandulo a keke ya munthu wina. Ngakhale Rochelle, pafupi ndi tsitsi lake, panali kachidutswa ka khutu losakhala lake. Si onse ayi. Angapo anadzijambula okha bwinobwino. Koma ambiri a ife, pofuna chithunzi chimene tikuoneka osangalala, tinachita kubwerera ku masiku amene tinali ndi wina pambali, n'kumudula.

Ndinakhala pa benchi ya limba ija ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Za Glenda sindikanatha kunena, pakuti ndinalonjeza. Koma za ine ndinali ndi ufulu. Ndinafufuza chithunzi chathunthu n'kuchiika m'gulu, ndi mawu awa: "Anzanga, chithunzi chimene ndinakupatsani chinali chodula. Chathunthu ndi ichi. Awa ndi mayi anga. Ndinawakankha panjinga imeneyi kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Manja anga mpaka lero sadziwa chochita, n'chifukwa chake ndikubwera kudzakoka zingwe."

Tsiku lonselo palibe anayankha. Ndinayamba kudzimvera manyazi, ngati munthu amene waimirira kuimba yekha mpingo wonse utakhala pansi.

Lachisanu m'mawa Lyle anaika chithunzi. Pambali pake panali mayi wamfupi wa diresi lachikasu, akumuyang'ana cham'mbali. "Uyu ndi Bernadette," analemba motero. "Anandisiya atatopa ndi nthabwala zanga. Sindimuimba mlandu, nanunso mwazilawa. Koma kupendekekako sikunathe. Ndikaima pamzere kusitolo ndimapezeka ndatsamira mphepo."

Kenaka anabwera bambo wa galu uja, ndi galu wake wathunthu. Mayi wa makandulo anationetsa mchemwali wake amene ankakhala naye nyumba imodzi. Anthu anayamba kutchula mayina. Ndakhala ndikupita kumapemphero a pakati pa sabata moyo wanga wonse, ndipo ndikukuuzani kuti zimene zinachitika m'gulu lija zinali pafupi kwambiri ndi mapemphero, ngakhale kuti ena mwa iwo sadziwa khomo la tchalitchi.

Masana foni inalira. Anali Rochelle. Nambala yanga anaipempha kwa mwini chombo.

"Inu mukudziwa kanthu za mayi Haskell," anatero, osayamba n'komwe ndi moni.

"Ndikudziwa, koma si zanga zoti ndinene."

"Mwini dzanja uja anamwalira, eti?"

Ndinamva akupuma mwamphamvu.

"Mayo ine. Ndi pakamwa pangapa. Nanga bwanji osanditukwana, mayi inu? Mukanandilembera mawu oipa ndikanamva bwino."

"Ndinakutukwanani kale m'pemphero, a Rochelle. Ambuye sanavomereze."

Anaseka kuseka kokhala ndi misozi mkati. "Chabwino. Ine nambala yake ndilibe, ndipo sangandiyankhe. Ndilemba m'gulu, inu mukamuonetse. Mwamva? Zonse, musasiye kanthu."

Anaika chithunzi chake chathunthu. Mwini khutu lija anali mwamuna wooneka bwino, wa mano oyera. Pansi pake Rochelle analemba kuti: "Uyu ndi amene anandinamiza. Chithunzichi ndimachikonda chifukwa ndinali ndisanadziwe. Mayi Haskell, dzanja la paphewa panu ndinaliyang'ana ndi maso amene munthu uyu anandisiyira. Sindinafunike kukufunsani chomwecho pagulu. Ndikhululukireni. Kaya ndi la ndani, bwerani nalo."

Ndinasonkhanitsa zithunzi zonsezo ndi mawu ake n'kutumiza kwa Glenda. Anayankha liwu limodzi: "Ndaona." M'gulu sanabwerere. Loweruka linadutsa osandiuza ngati walembera mwini chombo kapena ayi. Ndinamulemberanso za masokosi, sanayankhe. Ndinaganiza zomuimbira, koma mtima unandiuza kuti pamenepa mpofunika kudikira, monga mlimi amene wafesa kale. Kudikira sindikudziwa bwino. Ndinatsuka mazenera a nyumba yonse.

Tsiku la ulendo ku Rockland kunacha ndi nkhungu, moti milongoti ya chombo inkaoneka theka. Tinkazindikirana padoko ngati abale otayana kalekale. Lyle anali wamfupi kuposa mmene ndinkaganizira, Rochelle wamtali, ndipo anandikumbatira mpaka magalasi anga kupendekeka. Ndinatsika kukachipinda kathu n'kuika chikwama changa pabedi lapamwamba. Mtsikana wogwira ntchito m'chombo anati, "Mayi, ngati mnzanu sabwera mukhoza kugona pansipa." Ndinati ayi, zikomo, pamenepo pali mwini wake. Ndinakweranso kunja n'kukaima pafupi ndi thabwa lokwerera.

Kaputeni anali atayamba kale kutifotokozera za majekete opulumutsira pamene galimoto yofiira inaima kumtunda. Munatuluka mayi wa juzi yobiriwira. Anapsompsona mwana wake pazenera, n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono, akutsimphina, chikwama chikugubuduka m'mbuyo mwake. Rochelle anandifinya mkono mpaka kupweteka.

Lyle anavula chipewa. "A Glenda," anatero, "ine ndi uja wa pakamwa. Ndakhala ndikukonza mawu opepesa kuchokera ku Buffalo, koma onse akutuluka ngati nthabwala."

Glenda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu a Lyle? Mwapendekekadi." Anthu anaseka. Iye anadikira kuti athe kuseka. "Munafunsa ngati dzanja lija likubwera. Labwera. Ndi la mwamuna wanga Harlan, anamwalira chaka chatha. Koma zingwe mukoka nokha, bambo. Linagwira ntchito yokwanira."

Kenaka anatembenukira kwa Rochelle, amene anali atayamba kale kulira. "Inu musalire, mungandiyambitse. Tandigwirani chikwamachi, bondo langa silikhulupirira thabwa ili."

Tili awiri m'kachipinda, iye atakhala pabedi lake akuvula nsapato, ndinamufunsa chimene chinamubweretsa. Ndinkaganiza kuti anena za zithunzi zija.

"Zithunzi zinandithandiza," anatero. "Ndinaona kuti sindidzakhala ndekha wobwera ndi munthu wosaoneka. Koma funso la mayi uja linali lidakalipo. Loweruka ndinakhala pakompyuta kuti ndilembe zoti sindibwera, chithunzi chija chili patsogolo panga. Ndinaliyang'ana dzanjalo, ndipo ndinakumbukira chinthu chimene ndinali nditaiwala. A Doreen, ine ndine wamantha. Ndikafika pakhomo la nyumba yachilendo ndimaima. Tsiku loyamba kukaimba m'kwaya ndinaima pakhomo. Tsiku lokachitidwa opaleshoni ndinaima pakhomo. Ndipo nthawi zonse dzanja limenelija linkafika paphewa. Ine chaka chonsechi ndakhala ndikukumbukira kuti linkandigwira. Koma silinkangogwira ayi. Linkakankha. Pang'ono chabe, ndi chala chachikulu, osanena kanthu. Ndiye ndimalowa."

Anapinda masokosi ake n'kuwaika pansi pa pilo.

"Ngati akudziwa, sindikudziwa. Zimenezo n'za Mulungu. Koma ndikudziwa chimene akanachita akanandipeza nditaima padoko paja."

Kunja belu linalira, kutiitana kukakweza thanga lalikulu. Tinaima mizere iwiri, aliyense atagwira chingwe, ndipo wa m'chombo ankafuula kuti tikokere pamodzi. Glenda anaima kutsogolo kwanga, Lyle kutsogolo kwake. Thangalo linali lolemera kuposa mmene limaonekera. Lyle anafuula kuti, "Amene akuimba nyimbo ya kutchalitchiyo akweze mawu, ine mphamvu zatha!" Glenda anaseka mpaka kutsala pang'ono kutaya chingwe, ndipo Rochelle, amene anali atakana kukoka chifukwa cha zikhadabo zake, anamujambula pa nthawi yomweyo.

Chithunzicho ndili nacho pamwamba pa limba la kunyumba. Glenda akuseka, maso atatsinzina. Sindinganene kuti n'kuseka komwe kuja kwa m'munda wa maapozi. Nkhope yatopa, ndipo mphete ikulendewera pakhosi. Kutsogolo kwake pachingwe pali manja a Lyle, kumbuyo kwake manja anga, ndi ena awiri amene mpaka lero timatsutsana kuti ndi a ndani. Rochelle atamuonetsa, Glenda anayang'ana n'kunena kuti, "Apanso manja." Rochelle anafunsa ngati awadule. Iye anati ayi, asiyeni.

Amayi a m'kwaya atandifunsa ngati ndinapeza mwamuna, ndinawauza kuti ayi, ndipo monga ndikudziwira, palibe anakwatirana pa ulendo umenewo. Glenda amandiimbira Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi. Amati makapu amatulutsabe awiri masiku ena, ndipo sadziimbanso mlandu.

Tsono inu amene mwakhala nane mpaka pano, sindikudziwa amene munamudula m'mphepete mwa chithunzi chanu, kapena khomo limene mwaimapo lero. Iye amene anatontholetsa mafunde akusungeni potuluka ndi polowa. Akukumbutseni bwino manja onse amene anakugwiranipo, akupatseni anzanu a pachingwe, ndipo dzanja lake likhale paphewa panu kufikira mutafika kutsidya. Ameni.